Mutu 6: Kumva Nyimbo za Machona

Pofuna kumasulira nyimbo ya chisoni cha okondana otalikirana, choyamba funsani kuti akuimba ndani, ndipo ali mbali iti ya mtsinje wa Zambezi.

M'zaka za atsamunda, amuna ambiri a ku Nyasaland ankatsikira kumigodi ya m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe: ya asibesitosi ku Zvishavane, ya chrome ku Shurugwi, ya golide ya Globe and Phoenix ku Kwekwe. Ankati akapeza za msonkho ndi njinga abwerera. Ambiri anatchona.

Mkazi wotsala kumudzi ankaimbira pamtondo, ndipo kawirikawiri satchula chikondi. Amadandaula za chitenje chong'ambika, denga lodontha, kalata yosabwera. Womvera mwachangu angati mayiyu akungofuna ndalama. Ayi. Pamudzi sukanaulula poyera kuti ukufuna mwamuna wako, apongozi ali khutu tcheru kuseri kwa nkhokwe. Motero chitenje chimanena zimene pakamwa pakuchita nazo manyazi: amene ankandiveka wandiiwala.

Mwamuna naye m'komboni ankazungulira. Nyimbo yake imatukwana kapitawo, imalira mtunda ndi mtengo wa ulendo, koma chenicheni ndi manyazi obwerera chimanjamanja. Mwina wapezanso mkazi wina komweko. Nyimbo ya Nashil Pichen Kazembe wa ku Zambia, A Phiri Anabwera, imaseka mtchona wofika kwawo ndi sutikesi yopanda kanthu. Anthu amavina, koma nthabwalayo ikufotokoza chimene ena analekera kulemba makalata.

Zidzukulu za machona zinalowa nazo nkhanizi m'nyimbo za sungura, zomwe Kwekwe inatchuka nazo kudzera mwa Tongai Moyo, amene anamwalira mu 2011. Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, omwe makolo awo anachokera ku Malawi, aimbapo m'Chichewa pakati pa nyimbo za Chishona. Apa womasulira achenjere. Wokondedwa wakutali m'nyimbo zotere nthawi zina si mkazi, koma mayi, kapena mudzi umene woimbayo anangoumva kwa agogo. Ku Zimbabwe, lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira kumigodi opanda unzika, kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013. Munthu wotchedwa mlendo kumene anabadwira akapempha kuti asaiwalidwe, pempholo limapita kwa wachikondi, kwa abale, ndi kwa maiko awiri nthawi imodzi.