Kugawa Matimu a Ana Molingana Mphamvu ku Machinga ndi Balaka

Mpikisano wa mpira wa miyendo umakoma, ndiponso umaphunzitsa, pamene matimu awiri alowa m'bwalo popanda wodziwiratu amene apambane. N'chifukwa chake oyendetsa masewero amagawa matimu m'magulu otchedwa madivishoni, pomwe timu yochita bwino imakwera ndipo yofooka imatsika pakutha pa chaka, monga zimachitikira mu Super League ya matimu 16. Pa mpira wa ana, muyeso woyamba ndi zaka, ndipo mawu akuti Under-14 kapena Under-17 amatanthauza kuti wosewera asapyole msinkhu umenewo powerengera chaka chimene anabadwa.

Muyeso umenewu ndi wosavuta kuulemba papepala koma ndi wovuta kuutsata m'madera ngati Ntaja, Nsanama ndi Nayuchi m'boma la Machinga, kapena Ulongwe, Phalula ndi Utale m'boma la Balaka. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza m'Malawi mu 2015, ndipo chiphaso cha unzika chimene bungwe la National Registration Bureau limapereka chimayambira pa zaka 16, kotero ana ambiri a msinkhu wapakatiwu amadalira khadi la kusikelo, kaundula wa pasukulu kapena mawu a kholo. Kalasi nayo sithandiza kwenikweni, pakuti ana ena amayamba sukulu mochedwa ndipo ena amabwereza, moti mu Sitandade 7 imodzi mumakhala mwana wa zaka 12 pamodzi ndi mnyamata amene mawu anasintha kale. Apa ndi pamene kubera zaka kumalowera, ndipo wolakwa kwambiri si mwana ayi, koma wamkulu amene akufuna chikho lero osalabadira za mawa.

Amalawi amalidziwa bwino vutoli, chifukwa mu 2009 timu ya dziko lino ya Under-17 inapita ku World Cup ku Nigeria dziko la Niger litachotsedwa mu mpikisano wa mu Africa kaamba koseweretsa wosewera wopyola zaka. Chaka chomwecho bungwe la FIFA linayamba kugwiritsa ntchito makina a MRI, omwe amajambula mafupa a polumikizira dzanja ndi mkono pofuna kuona ngati anasiya kukula, ndipo mu 2020 njira yomweyi inachotsetsa Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe mu mpikisano wa COSAFA. Makina otere sangafike pa bwalo la sukulu ya kumudzi, choncho chitetezo chenicheni ndi kaundula wa osewera wolembedwa mwana akadali wamng'ono, wokhala ndi chithunzi, ndipo wosungidwa ndi komiti ya boma osati mphunzitsi wa timu.

Komabe ngakhale zaka zitalongosoka, mphamvu sizilingana zokha. Timu ya ku Liwonde kapena pa Balaka boma, yomwe ili ndi mipira yokwanira ndi mphunzitsi wophunzitsidwa, ikakumana ndi ana amene amaphunzira ndi mpira wamapepala, zigoli zimachuluka kumodzi, ndipo opambanawo saphunzirapo kanthu pomwe ogonjawo amayamba kuthawa masewero. Mtengo wa mayendedwe umakakamiza kugawa matimu potengera kuyandikana, zomwe n'zomveka, koma sizikuyenera kuthera pomwepo. Njira yabwino ndi yoti gawo loyamba liseweredwe m'mazoni, kenaka matimu apamwamba a zoni iliyonse akumane okhaokha, ndipo otsalawo akhale ndi chikho chawo m'malo mongotsanzikana nawo, monga zimachitikira pa mabonanza ambiri pomwe timu ikagonja kamodzi basi zake zatha.

Bungwe la Football Association of Malawi, la Malawi Schools Sports Association ndi makomiti a masewero m'maboma awiriwa akuyenera kugwirizana pa kaundula mmodzi wa osewera ana, ndipo makolo asalole kuti mwana wawo alembedwe zaka zomwe si zake.