Mawu Anayi, Nyimbo Imodzi: Magulu Oyimba Amene Makolo Athu Ankawakonda

Kuno ku Milange, ngakhalenso kutsidya kwa mtsinje wa Muloza ku Mulanje, khutu lathu linazolowera nyimbo yoyimbidwa ndi mawu anayi. Ngakhale mwana amene sanaphunzirepo manotsi amadziwa kuti nyimbo yapelewera ngati besi palibe. N'chifukwa chake sitidabwa kuona nkhope za akuluakulu ena pakati pathu zikuwala akamva mayina monga Manhattan Brothers, Dark City Sisters kapena Alick Nkhata. Awa anali oyimba nyimbo za chisangalalo, osati za m'tchalitchi, koma luso lawo la kugwirizanitsa mawu ndi lomwelo limene makwaya athu amalimbana nalo sabata ndi sabata. M'nkhani ino tifuna tione kumene kayimbidwe kameneka kanachokera, mmene nyimbozo zinajambulidwira, ndiponso chimene mbiri yake ikutiuza za nyimbo zathu zimene zikuwonongeka m'makaseti.

Kuchokera m'kalasi ya mishoni

Makolo athu ankayimba molandizana ndi mogwirizana mawu kalekale amishoni asanabwere. Chimene sukulu za mishoni zinabweretsa ndicho kugawa mawu panayi, sopulano, aluto, tenala ndi besi, pamodzi ndi njira yowerengera nyimbo ya do, re, mi, imene mbusa wa ku England John Curwen anaifalitsa. Njira imeneyi inali yotsika mtengo chifukwa siinkafuna limba. Mphunzitsi ankangolemba zilembo pa bolodi, ana n'kuyamba kuyimba.

Mtsinje wina unachokera ku America. M'chaka cha 1890, gulu la oyimba achikuda lotsogozedwa ndi Orpheus McAdoo linafika ku Cape Town, ndipo linayendayenda m'dziko la South Africa kwa zaka zingapo. Anthu akuda a kumeneko anachita chidwi kuona anzawo a khungu lawo ataima pamzere, atavala mwaulemu, akuyimba mawu anayi mosaphonyetsa. Patapita zaka makumi anayi, mbale za galamafoni zinabweretsa magulu ena awiri a ku America komweko. Loyamba linali la Mills Brothers, anyamata anayi a bere limodzi a ku Ohio, amene anatchuka mu 1931 ndi nyimbo ya Tiger Rag. Iwo anali ndi gitala imodzi yokha, koma malipenga ndi besi ankaziliza ndi pakamwa. Lachiwiri linali la Ink Spots, limene linatchuka mu 1939 ndi nyimbo ya If I Didn't Care. M'gulu limeneli tenala ankakwera pamwamba kwambiri, kenaka wa besi n'kulankhula mawu a nyimboyo pang'onopang'ono pakati pake. Anyamata a m'makomboni a ku Johannesburg, Bulawayo ndi Salisbury anamvetsera mbale zimenezi mpaka kuziloweza, ndipo anayamba kupeka zawo m'zinenero zawo.

Mphindi zitatu pa mbale

Achinyamata a lero, amene amajambula nyimbo pa kompyuta mawu amodziamodzi, ayenera kudziwa mmene ntchitoyi inkachitikira kale. Mbale ya galamafoni inkazungulira maulendo 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi pafupifupi zitatu basi. Oyimba onse ankazungulira maikolofoni imodzi. Wa mawu amphamvu ankamubweza m'mbuyo, wa mawu ofewa n'kumusendeza pafupi. Panalibe kudula kapena kumata. Mmodzi akalakwitsa, onse ankayambanso. Choncho gulu linkafika ku situdiyo litakonzekera kwa masabata, aliyense akudziwa popumira ndi polekezera. Apa mpamene pagona kukoma kumene timamva m'mbale zakalezi. Timamva anthu amene ankamverana, pakuti woyimba wofuna kumveka yekha ankawononga mbale ya gulu lonse. Akulu ananena kuti mutu umodzi susenza denga.

Gulu la Manhattan Brothers, la Nathan Mdledle, Joe Mogotsi, Rufus Khoza ndi Ronnie Sehume, ndilo linali patsogolo m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo linkajambula ku kampani ya Gallo ku Johannesburg. Mtsikana wina dzina lake Miriam Makeba anayamba kudziwika akuyimba ndi gulu limeneli. Mu 1956 nyimbo yawo ya Lovely Lies inalowa pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America. Makeba anatsogoleranso gulu la amayi okhaokha la Skylarks, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunabadwa gulu la Dark City Sisters, limene mawu a Joyce Mogatusi ankalitsogolera. Mu 1964 kunadza Mahotella Queens. Mu 1961 a Manhattan Brothers anapita ku London ndi sewero la King Kong, ndipo chifukwa cha ulamuliro wa tsankho kwawo, anakhala kunja kwa zaka zambiri.

Kodi nyimbo zimenezi zinafika bwanji kuno? Zinabwera pamutu. Amuna ambiri a m'zigawo zino ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia. Pobwerera, amene anasunga ndalama ankabwera ndi njinga, bulangete, sutikesi, ndipo ena galamafoni yopukusa ndi dzanja pamodzi ndi mbale zingapo zokulunga m'nsalu. Mbalezo zinali zosachedwa kusweka, ndipo singano yake inkafunika kusintha kawirikawiri. Komabe galamafoni imodzi inkakwanira mudzi wonse.

Masheleni khumi a Solomon Linda

Okonda nyimbozi sitiyenera kuiwala mbali yowawa ya mbiri yake. Mu 1939, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya Mbube ku Gallo. Mbiri imati analandira masheleni 10. Mbaleyo inagulidwa pafupifupi 100,000 m'zaka khumi zotsatira, ndipo dzina la nyimboyo linasanduka dzina la kayimbidwe konse ka magulu a amuna achizulu. Itafika ku America, gulu la Weavers linaiyimba ndi dzina loti Wimoweh, ndipo mu 1961 gulu la Tokens linaitulutsa ngati The Lion Sleeps Tonight. Inamveka dziko lonse lapansi n'kulemeretsa anthu ambiri. Linda mwini wake anamwalira mu 1962 ali wosauka, moti banja lake silinathe kugula mwala wa pamanda pake pa nthawiyo. Nyimboyo inalowanso mu kanema wa The Lion King mu 1994. Mlandu umene unatsegulidwa m'dzina la banja lake unatha mu 2006 ndi mgwirizano woti ana ake azilandira gawo la phindu, patatha zaka 44 bambo wawo ali m'manda.

Kayimbidwe ka Linda sikanafe. Joseph Shabalala anakafewetsa ndi gulu lake la Ladysmith Black Mambazo, limene chimbale chake choyamba, Amabutho, chinatuluka mu 1973. Atayimba ndi Paul Simon mu chimbale cha Graceland mu 1986, gululi linadziwika ponseponse, ndipo mu 1988 linalandira mphoto ya Grammy. Shabalala anamwalira mu 2020. Kusiyana kwa mathero a amuna awiriwa sikunali pa luso ayi. Kunali pa funso lakuti dzina la ndani linalembedwa pa pepala.

Wailesi ya sefuliya ndi Alick Nkhata

Kwa ife olankhula Chichewa, dzina loyandikira kwambiri ndi la Alick Nkhata. Mu 1949 m'masitolo a ku Northern Rhodesia munayamba kupezeka wailesi ya batire yotchedwa Saucepan Special, chifukwa inkaoneka ngati sefuliya. Mtengo wake unali mapaundi 5. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Service, inkaulutsa m'zinenero za anthu, kuphatikizapo Chinyanja, ndipo inkamveka mpaka ku Nyasaland. Mafunde a wailesi sapempha chiphaso pa malire.

Nkhata anabadwa mu 1922. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma, ndipo atabwerako anayenda ndi Hugh Tracey pa ntchito yojambula nyimbo za m'midzi. Kenaka anakhala muulutsi ku Lusaka, kumene anayambitsa gulu lake la oyimba anayi. Iwo ankatenga nyimbo za makolo ndi nkhani za moyo wa m'tauni n'kuziveka mawu ogwirizana ndi gitala yofatsa, m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zinenero zina. Nyimbo monga Shalapo ndi Kalindawalo ni Mfumu zimakumbukika mpaka lero. Nkhata anaphedwa mu Okutobala 1978 pafupi ndi Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe umene unali pafupi ndi munda wake. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zake zakale n'kuzitulutsanso. Ndi chifukwa cha ntchito yotere kuti mdzukulu wa lero angathe kumva mawu amene agogo ake ankamvetsera.

Chimodzimodzinso ndi Tracey uja. Iye anajambula nyimbo ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo ankalemba dzina la woyimba, malo, chinenero ndi chaka. Mu 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Oyimba a m'midzi amene iye anawajambula ambiri anatisiya kalekale, koma mawu awo ndi mayina awo alipo.

Nanga zathu zili kuti?

Funso limeneli ndi lolemera kwa ife a ku Milange. Nkhondo itafika m'tauni yathu mu 1986, anthu zikwizikwi anathawira ku Malawi atanyamula ana ndi zovala zokha. Palibe amene akanasenza galamafoni kapena mbale. Pamene mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndipo anthu anayamba kubwerera, zambiri zimene zinatsala m'nyumba zinali zitapita. Chimene chinabwerera ndi nyimbo za m'mutu, pamodzi ndi zatsopano zimene anthu anaphunzira m'misasa ndi m'mipingo ya kutsidya.

Zaka zotsatirazo zinali za kaseti. Magulu a ku Malawi monga Katawa Singers a ku Mzuzu ndi Ndirande Anglican Voices anamveka m'misika ndi m'nyumba za mbali zonse ziwiri za malire, ndipo makwaya ang'onoang'ono ambiri anasonkha ndalama kuti nawonso ajambule zawo. Ena anangoika wailesi ya kaseti patsogolo pa kwaya n'kudina batani. Makaseti amenewa ndiwo mbale zathu za Gallo. Koma kaseti siikhalitsa. Chinyontho cha kuno kutsinde kwa phiri la Tumbine chimaichititsa nkhungu, kutentha kumaimata, ndipo makina oiimbira akusowa chaka ndi chaka. Nyimbo zimene zinasamutsidwira pa memori khadi nazonso zili ndi vuto lake. Zimayenda kuchoka pa foni kupita pa foni zopanda dzina la gulu, la wopeka, kapena chaka. Nyimbo imamveka, koma eni ake afafanizika. Zimene zinachitikira Linda ndi makampani a kutali, ife tikhoza kuchitira oyimba athu ndi manja athu.

Tsono tikupempha mabanja, atsogoleri a makwaya ndi achinyamata odziwa makompyuta kuti agwirane manja. Fufuzani makaseti ndi mbale m'mabokosi ndi m'masutikesi. Musanaziike m'makina, khalani pansi ndi achikulire amene anayimba nawo, ndipo lembani m'kope dzina la gulu, mayina a oyimba ndi mawu amene aliyense ankayimba, wopeka nyimbo, malo ndi chaka chojambulira. Samutsani nyimbozo pa kompyuta, sungani m'malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo kaseti yeniyeniyo musaitaye. Musanaike nyimbo pa intaneti, pemphani chilolezo kwa eni ake kapena kwa ana awo. Magulu amene akujambula lero alembetse nyimbo zawo ku mabungwe oteteza umwini wa zopekapeka, SOMAS kuno ku Mozambique kapena COSOMA ku Malawi. Ndipo ife omvetsera, gulu likatulutsa chimbale, tigule, tisamangokopera kwa mnzathu.

Ntchito imeneyi siingadikire. Amene ankayimba besi m'makwaya a m'ma 1990 lero ndi agogo, ndipo ndi iwo okha amene angamvetsere kaseti yakale n'kunena kuti, apa akutsogolera ndi uje, aluto uyu ndi malemu uje. Tiwafunse akadali nafe.