Man U: kugula ngati bwana, kugulitsa ngati wakuba

Wolemba MTOLANKHANI WAPADERA

USIKU wa pa 21 May 2025 ndinatuluka mu vidiyo sho ina ku Ndirande manja ali lende, m'thumba mulibe ndi ya kabaza yomwe. Manchester United inali itangogonja 1-0 kwa Tottenham Hotspur mu fainolo ya chikho cha Europa ku Bilbao, m'dziko la Spain, ndipo K30,000 ya lendi imene ndinabetcha pa timu yangayi inali itapita ndi chigoli cha Brennan Johnson.

Kutacha ndinalawirira kumsika kukakongola kwa amalume anga amene amagulitsa nsomba zouma. Iwonso ndi a United, ndipo ndi omwewo anandilowetsa mpingo umenewu ndili mwana. Sanandikalipire ayi. Anangondifunsa ngati ndingamubwereke mpamba munthu amene amagula usipa pa mtengo wa chambo, n'kumagulitsa chambo pa mtengo wa bonya. Nditayankha kuti sindingayerekeze, iwo anati nanga bwanji ndalama ya nyumba ndinakaipereka kwa United.

Funso limeneli linandikhala pamtima. Ndiye ndinakhala pansi kuwerengetsa za timu yathuyi monga momwe inu apamsika mumawerengetsera madzulo mukamalongedza. Chimene ndinapeza n'chakuti zigoli zimene timalira Loweruka zimaphikidwa kale mu July ndi August, nthawi imene matimu amagulitsana osewera. Timu yolephera geni, m'bwalonso siilimba.

Kale tinkadziwa kupikula

Achikulire amene anaonera mpira m'ma 1990 adzandichitira umboni. Sir Alex Ferguson anali ngati mayi amene amafika ku Lizulu kusanache, n'kutenga dengu la tomato wabwino anzake akali mtulo. Goloboyi Peter Schmeichel anamupikula ku Brøndby, ku Denmark, mu 1991 pa mapaundi pafupifupi theka la miliyoni. Eric Cantona anamutenga ku Leeds mu 1992 pa mapaundi ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ole Gunnar Solskjaer anachokera ku Molde, ku Norway, mu 1996 pa mapaundi 1.5 miliyoni, ndipo ndi yemweyu anamwetsa chigoli chopatsa United chikho cha Champions League mu 1999.

Enanso ngati Ryan Giggs, Paul Scholes, David Beckham ndi Gary Neville sanagulidwe n'komwe. Anali a m'dimba la pakhomo.

Nanga za Cristiano Ronaldo? Anamugula kwa Sporting mu 2003 pa mapaundi 12 miliyoni ali kamnyamata ka zaka 18, anamudyerera zaka 6, kenako n'kumugulitsa ku Real Madrid mu 2009 pa mapaundi 80 miliyoni. Abale inu, imeneyo ndiye geni. Pamene mkuluyu amapuma ntchito mu 2013 n'kuti atatenga ligi ka 13.

Chichokereni iye mpaka 2025, zaka 12 zathunthu, ligi sitinainunkhe. Zikho zina zinabwera ndithu: FA Cup mu 2016 ndi 2024, Europa mu 2017, League Cup mu 2017 ndi 2023. Koma zimenezi ndi basela. Ndalama zimene zinatuluka zinali zogulira ligi.

Mwana wako yemwe, kumugula kawiri

Tiyambe ndi Paul Pogba. Mnyamatayu anakulira ku United, ndipo mu 2012 anachoka kupita ku Juventus kontrakiti yake itatha. Mu 2016 United inakamugulanso pa mapaundi 89 miliyoni, mtengo umene panthawiyo unali usanaperekedwepo pa wosewera aliyense padziko lapansi. Mu 2022 kontrakiti inathanso, Pogba n'kubwerera ku Juventus komweko ulere. Tangoganizani: mbuzi yako yathawira kwa aneba, wakaigula modula, waidyetsa zaka 6, kenako yabwerera kwa aneba omwewo iwe osalandirapo ngakhale tambala.

Apa ndi pamene pali nkhani imene masapota ambiri sitimaimvetsa. Timu sigula munthu, imagula kontrakiti. Kuchokera pa chigamulo cha khoti chotchedwa Bosman cha mu 1995, wosewera wa ku Ulaya kontrakiti yake ikatha amanyamuka ulere. Ndiye kuti wosewera ali ngati tomato, ali ndi masiku ake. Ukamusunga mpaka chaka chomaliza mtengo umagwa, ukapitiriza kumuumirira umakataya kudzala.

Ángel Di María anabwera mu 2014 pa mapaundi 59.7 miliyoni, patangotha chaka n'kugulitsidwa ku Paris Saint-Germain pa mapaundi pafupifupi 44 miliyoni. Jadon Sancho anabwera mu 2021 pa mapaundi 73 miliyoni, anayambana ndi kochi Erik ten Hag mu 2023, ndipo anayamba kuyendayenda mobwerekedwa. A Chelsea atamubwereka mu 2024 analonjeza kudzamugula, koma chaka chitatha analolera kulipira chindapusa cha mapaundi 5 miliyoni kuti amubweze. Mwamva? Kasitomala kukulipira kuti utenge katundu wako!

Ya Antony ndiye imandiwawa kwambiri. Ajax inamupikula ku São Paulo, ku Brazil, mu 2020 pa mtengo wosafika mapaundi 20 miliyoni. Patangotha zaka ziwiri, United inapereka mapaundi oposa 80 miliyoni. Anamwetsa zigoli m'masewero ake atatu oyamba a ligi, ife m'mavidiyo sho kuvina, kunyoza a Arsenal, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2025 anagulitsidwa ku Real Betis pa mapaundi ongopitirira pang'ono 20 miliyoni. Chotsani nokha muone mpamba umene unamira.

Chimakweza mtengo n'chiyani?

Inu nomwe mumadziwa chimene chimachitika bwana akatsika m'galimoto yaikulu, taye pakhosi, n'kufunsa mtengo wa mulu wa anyezi. Mtengo umakwera pompo. United ikangogogoda, wogulitsa amadziwa kuti kwabwera bwana wosadziwa kunenerera.

Chachiwiri ndi kugula mothamanga. Mu August 2022 United inagonja 2-1 kwa Brighton pakhomo, sabata yotsatira n'kukwapulidwa 4-0 ndi Brentford. Masapota anakwiya, mabwana ananjenjemera, ndipo mwezi usanathe anali atagula Casemiro ndi Antony. Casemiro anathandiza ndithu chaka choyamba, tisamunamizire, koma kupereka mapaundi 60 miliyoni pa munthu wa zaka 30 ndi kugula tomato wopsa kale. Udya lero, koma mawa sungamugulitse. Wokagula ndiwo dzuwa litalowa, alendo ali kale pakhomo, sanenerera.

Chachitatu ndi malipiro. Wosewera ukamuzolowetsa malipiro a nkhaninkhani, tsiku limene wakutopetsa palibe timu ina imene ingamukwanitse. Mapeto ake umamubwereketsa kwina uku mbali ya malipiro ukulipira ndiwe.

Chachinayi ndi kusinthasintha makochi. David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Solskjaer, Ten Hag, Ruben Amorim: aliyense anabwera ndi kaseweredwe kake, aliyense anafuna katundu wake. Zili ngati benchi limene lero likugulitsa kaunjika, mawa nsomba, mkuja mapoto, katundu wakale ali mbwee pansi. Ten Hag anamuwonjezera kontrakiti mu July 2024, n'kumuchotsa ntchito mu October chaka chomwecho. Kumuchotsako nakonso kunali kolipira.

Taonani anzathu

Brighton ndi timu yaing'ono, koma pa geni ndi akatswiri. Moisés Caicedo anakamupikula ku Ecuador mu 2021 pa mapaundi osafika 5 miliyoni, mu 2023 n'kumugulitsa ku Chelsea pa mtengo wotha kufika mapaundi 115 miliyoni. Marc Cucurella anamugula pa mapaundi pafupifupi 15 miliyoni mu 2021, chaka chotsatira n'kumugulitsa pa oposa 50 miliyoni. Musaganize kuti kugulitsako kunaifoola timuyi. Inamaliza pa nambala 6 mu 2023, ndipo inatithibula 3-1 pa Old Trafford pomwe mu September 2023, n'kudzabwerezanso 3-1 mu January 2025. Ulendo woyambawo wotsegula zigoli anali Danny Welbeck, mwana woleredwa ndi United yomweyo.

Leicester City inatenga ligi mu 2016 ndi Jamie Vardy wa miliyoni imodzi, Riyad Mahrez wosafika theka la miliyoni, ndi N'Golo Kanté wa mapaundi 5.6 miliyoni. Ndi Leicester yomweyi inagula Harry Maguire ku Hull pa mapaundi 17 miliyoni mu 2017, n'kudzatigulitsa ife pa 80 miliyoni mu 2019.

Wina anena kuti ndiye kuti kugula modula n'kulakwa. Ayi achimwene, si choncho. Adani athu a Liverpool mu January 2018 anagulitsa Philippe Coutinho ku Barcelona pa mapaundi oposa 100 miliyoni. Chaka chomwecho anagula Virgil van Dijk pa 75 miliyoni ndi goloboyi Alisson pa oposa 60 miliyoni. Onsewa anali odula, koma ndi amene ankasoweka, chifukwa timuyo inkamwetsa zigoli koma kumbuyo kunali chitseko chosatseka. Mu 2019 anatenga Champions League, mu 2020 ligi. Anagula chimene chinkasoweka pabenchi. Ife timagula chimene chatchuka pa wailesi.

Ndisakhale wabodza, nafenso tinalasapo. Bruno Fernandes, amene anachokera ku Sporting mu January 2020, ndalama yake inabwerera. Koma geni siyendera kasitomala mmodzi.

Vuto ndi katundu kapena mosungira?

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti katundu amene timati waola, akangochoka pabenchi pathu amawala. Scott McTominay, mwana wa pakhomo, tinamugulitsa ku Napoli mu 2024 pa mapaundi pafupifupi 25 miliyoni. Mu May 2025 anatenga ligi ya ku Italy, n'kusankhidwanso kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo. Antony yemwe uja atangofika ku Betis anayamba kumwetsa zigoli mpaka timuyo inafika mu fainolo ya chikho cha Conference League. Sancho atabwerekedwa ku Dortmund anasewera fainolo ya Champions League mu 2024.

Amayi a ufa amadziwa kuti ufa wabwino ukauika m'nyumba yodontha umachita nkhungu. Ndipo ku United kudontha si mwambi chabe. Mu May 2024, tsiku limene Arsenal inatigonjetsa 1-0, dziko lonse linaonera pa kanema madzi a mvula akukhuthuka kuchokera padenga la Old Trafford ngati mathithi.

Gwero lake ndi ngongole. Mu 2005 banja la Glazer la ku America linagula timuyi pa mapaundi pafupifupi 790 miliyoni. Zambiri mwa ndalamazo zinali zokongola, ndipo ngongoleyo anaisenzetsa timu yomweyo, imene kale inalibe ngongole. Zili ngati munthu kukatenga katapila n'kugula okala yako, kenako n'kuuza okalayo kuti izibweza yokha katapilayo. Ndalama zimene zikanakonza denga ndi kulemba anthu odziwa kusaka osewera zinkapita ku chiwongola dzanja. Sir Jim Ratcliffe atagula gawo la timuyi mu February 2024, mpeni unayambira kwa anthu wamba: antchito 250 anachotsedwa chaka chomwecho. Olakwitsa kugula ndi mabwana, olipira ndi a m'maofesi ndi ena otere.

Zotsatira zake tinaziona tonse. Liverpool inatisambitsa 7-0 mu March 2023. Mu sizoni ya 2024/25 tinamaliza pa nambala 15 ndi mapointi 42, titagonja masewero 18 mwa 38, uku Liverpool ikutenga ligi yake ya nambala 20 n'kutipeza pamene tinkanyadira. Ndipo mu August 2025 Grimsby Town, timu ya mu ligi yachinayi, inatitulutsa mu League Cup pa mapenate 12-11.

Mtima perekani, mpamba ayi

Tsono inu anzanga a United, kaya muli ku Limbe, ku Tsoka kapena ku Mzuzu, mukamva pa wailesi kuti timu yathu yagula wosewera wa mamiliyoni, musayambe mwavina. Funsani mafunso omwe mumafunsa musanamasule belo la kaunjika. Ali ndi zaka zingati? Akudzatseka dzenje liti? Wogulitsayo anamupikula pa zingati? Nanga akakanika, alipo amene angadzamugule? Mayankho ake ndi amene adzakuuzeni zigoli za mu December.

Ine timu sindisintha. Jezi yanga yofiira ya pa kaunjika ikadalipo, ndipo tsiku la mpira mudzandipeza pa benchi la kutsogolo mu vidiyo sho, kukuwa mpaka mawu kusasa. Wakutsina khutu ndi mnansi, n'chifukwa chake ndalemba zonsezi. Koma chimodzi ndinaphunzira: mabwana a ku Old Trafford akaluza mapaundi 60 miliyoni pa wosewera mmodzi amagonabe tulo, pamene iwe ukaluza K30,000 landilodi amakupeza pakhomo m'mamawa.

Ngongole ya amalume ija ndinabweza pang'onopang'ono, miyezi itatu. Tsiku lomaliza anandiwonjezera kamulu ka usipa, ati kameneko ndiye chikho changa cha chaka chimenecho.