Nyali za Xenon Ziunike Msewu, Zisathobwe Anthu M'maso

Eni galimoto ena m'dera lathu akuchotsa mababu a halogen n'kuika a xenon. Babu la xenon lilibe kawaya koyaka. Limawala magetsi akamadumpha pakati pa tizitsulo tiwiri mumpweya wa xenon. Limadya mawati 35 pomwe la halogen limadya 55, komabe limawala kuwirikiza kawiri. Poyaka limafuna mavolti oposa 20,000, choncho ntchito yoika isiyireni katswiri wa zamagetsi a galimoto.

Ngozi imabwera babuli likaikidwa m'nyali yopangidwira halogen: kuwala kumamwazika n'kuthobwa m'maso madalaivala, akabaza ndi oyenda pansi usiku. Musanasinthe, onetsetsani kuti nyali zanu n'zamtundu wa projector, zimene zimasonkhanitsa kuwala, ndipo makaniko aziweramitse bwino kuti zisalunjike pankhope za anzanu.