MLENDO M'KATI MWA KOMPYUTA: CIFUKWA NINJI MASEWERA ACITA CIBWIBWI?

Mphunzitsi wa kumudzi amene walandira kompyuta yatsopano pa sukulu pace angathe kudabwa poona kuti masewera akale ophunzitsira ana kuwerenga ndi masamu akukana kutseguka. Ambiri mwa masewerawo analembedwera Windows XP, imene kampani ya Microsoft inaleka kusamalira mu 2014. Asanawataye, adziwe kuti pali njira yochedwa virtual machine.

Iyi ndi pulogramu imene imamanga kompyuta yaciwiri, yongoyerekezera, m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Nzeruyi si ya lero ai, pakuti kampani ya IBM ya ku America inali nayo kale mu 1972 pa makina ace akulu-akulu. Lero anthu wamba amagwiritsa nchito VirtualBox, imene inayamba kuperekedwa kwaulere mu 2007, kapena VMware Workstation.

Akatswiri amacha kompyuta yeniyeni ija mwini nyumba, ndipo ya m'kati amaicha mlendo. Mainawa anawasankha bwino. Mlendo pamudzi sakwera yekha m'nkhokwe. Amayembekeza kuti mwini nyumba amtapire. Comweconso kompyuta ya m'kati siikhudza khadi lojambula zithunzi, limene ndilo mphamvu ya masewera. Imapatsidwa khadi longoyerekezera, ndipo cithunzi ciri conse ciyenera kupemphedwa, kumasuliridwa ndi kutumizidwa kudzera mwa mwini nyumba. Polemba kalata kucedwa kumeneku sikuoneka. Koma masewera amafuna zithunzi zambiri-mbiri pa sekondi imodzi, ndiye cifukwa cace galimoto la pa galasi limayenda modumpha-dumpha, kapena galasi lingoda bii.

Bvutoli likaoneka, musathamangire ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula zitsulo zatsopano. Makina sanaonongeke. Coyamba, ikani m'kati mwa mlendo timapulogramu tothandiza, timene VirtualBox amaticha Guest Additions ndipo VMware amati VMware Tools. Mukatero zimitsani mlendoyo, pitani pa Display, kwezani video memory kufika 128 MB, ndipo congani pamene palembedwa 3D Acceleration.

Apa pali msampha umene wataitsa anthu nthawi. Kuyambira pa VirtualBox 6.1, ya mu 2019, njira yakale ya 3D inacotsedwa, kotero kuti Windows XP siilandiranso thandizolo, ngakhale muconge motani. Wofuna masewera a 3D a nthawi imeneyo ayese VMware Workstation, imene yakhala yaulere kuyambira mu 2024. Masewera a zithunzi wamba, monga a zilembo ndi manambala, amayenda bwino monsemo.

Nanga masewera olemera a masiku ano, amene anyamata athu amawakonda? Njira iripo: pa Linux, pogwiritsa nchito KVM, mlendo angapatsidwe khadi lace-lace leni-leni. Komatu pafunika makhadi awiri ndi makina obvomera zotere, ndiponso masewera ena a pa intaneti amakana dala kuyenda m'kompyuta ya m'kati poopa akuberekamo. Ife tiona kuti ndalama ya sukulu, imene makolo amasonkha atagulitsa cimanga ndi nshawa, siyenera kupita kumeneko. Ngati m'cipinda cosungiramo katundu muli kompyuta yakale imene ikali kuyaka, ipukuteni pfumbi, muikemo masewera akalewo, ndipo musailumikize ku intaneti.