Anthu Owerenga Mawanga pa Mapiko a Culicoides

Ku Onderstepoort, kumpoto kwa mzinda wa Pretoria ku South Africa, kuli malo ofufuzira matenda a ziweto komwe anthu ena amakhalira kupenda tizilombo touluka tosaposa mamilimita atatu. Dzina lake ndi Culicoides, ndipo mitundu yake imapitirira 1,300 padziko lonse. Si nkhungu za ku nyanja ya Malawi ayi, pakuti nkhungu siziluma. Iti tatikazi timayamwa magazi. Mu 1944, René du Toit wa pamalo omwewa anasonyeza kuti ndi timeneti timafalitsa bluetongue, matenda a nkhosa, ndipo tinapezekanso kuti timanyamula African horse sickness yomwe imapulula mahatchi.

Ntchito imayamba madzulo. Wotchera amapachika msampha pafupi ndi khola: nyali yokopa tizilombo, kachipangizo kokoka mpweya, ndi botolo la madzi othiramo sopo pang'ono. Kukacha amasefa zomwe zagweramo n'kuziika mu spiriti kuti zisaole. Nyengo ya mvula zimachuluka moti kuziwerenga zonse n'kosatheka, choncho amatapako gawo lodziwika kukula kwake n'kuwerengetsera.

Luso lenileni lili pa maikulosikopu. Wopenda amayamba ndi mapiko, chifukwa mitundu yambiri ili ndi mawanga oyera ndi akuda oyalidwa mosiyana. Kenaka amaona tinyanga: tatimuna tinyanga take n'taubweya wambiri, tatikazi ayi. Pamimba paliponso uthenga. Mu 1969, Alan Dyce wa ku Australia anapeza kuti kakakazi komwe kanaikirapo mazira kamakhala ndi mimba yofiirira. Kameneko kanayamwapo kale magazi, ndiye ndi komwe kangakhale ndi vairasi. Mawanga akasokoneza, wopenda amadula mutu, phiko ndi mimba, n'kuziyala pagalasi kuti ayeze timagawo ta tinyanga ndi kuwerenga timatumba tosungira umuna. Dzanja lonjenjemera silingaithe ntchito imeneyi, ndipo maso amatopa msanga.

Kovuta kwambiri ndi kwa tosakhwima. Kachilomboka kamayamba ndi dzira, kukhala mphutsi yomwe imafundula mpaka kudutsa magawo anayi, kenaka pupa wokhala ndi tinyanga tiwiri topumira, ndipo pomaliza kamauluka. Mphutsi za mitundu yosiyana zimafanana zedi. N'chifukwa chake ofufuza amakumba matope ndi ndowe, kuzisunga m'zotengera, n'kudikira kuti aone chomwe chituluke. Ambiri aife tingaione ngati ntchito yonyansa, koma ine ndimaiona kuti ndiyo yothandiza mlimi koposa, chifukwa imaulula komwe mdani amaswanira. Mu 1989, Rudy Meiswinkel anafotokoza mtundu watsopano, Culicoides bolitinos, womwe kale unkasokonezedwa ndi Culicoides imicola. Awiriwa amafanana kwambiri, koma imicola amaswanira m'dothi lonyowa lachonde, pomwe bolitinos amaswanira m'ndowe ya ng'ombe ndi njati ndipo amapirira malo ozizira. Mlimi amene waumitsa zithaphwi pafupi ndi khola wachepetsa mmodzi yekha, winayo akadali m'ndowe.

Anthu odziwa ntchitoyi ndi ochepa, ndipo kuti munthu aikhwimire pamapita zaka akuphunzira pambali pa wamkulu wake. Kufunika kwawo kunaonekera mu 2006 pomwe bluetongue inabuka kumpoto kwa Ulaya, m'maiko monga Netherlands, Belgium ndi Germany, komwe imicola kulibe. Kunafunika opendawa kuti azindikire mitundu ya komweko yomwe inkafalitsa matendawo. Mu 2011 kunabukanso vairasi ya Schmallenberg ku Germany, yonyamulidwa ndi tizilombo tomweti. Lero malabotale ngati Pirbright ku Britain amagwiritsanso ntchito DNA posiyanitsa mitundu yofanana, ngakhale mphutsi. Komabe zotsatira za DNA amaziyerekeza ndi za kachilombo komwe katswiri anayamba wakapenda ndi maso n'kukapatsa dzina lolondola, moti dzinalo likalakwika, onse odalira dzinalo amalakwitsa nawo.