Dzanja Loponya Voti: Phunziro la ku Mchinji

Lero tiyeni titsate msewu wochokera ku Lilongwe, tidutse pa Namitete ndi pa Kamwendo, tikatsike ku Mchinji, boma lija makolo athu ankalitcha Fort Manning. Funso limene tasenza ndi ili: munthu akaloŵa m'kachipinda koponyera voti, ali yekhayekha, kodi chimene chimatsogolera dzanja lake n'chiyani?

Ambiri amayankha msanga kuti ndi mtundu wake. Umboni amautenga pa chisankho cha pa 17 May 1994, pamene chigawo cha kumwera chinatsata a Bakili Muluzi, cha kumpoto a Chakufwa Chihana, ndipo cha pakati chinakhalabe ndi Dr. Kamuzu Banda. Koma Mchinji ali ndi phunziro limene maboma a m'kati mwa dziko sangatipatse, pakuti kumeneko malire anadula pakati pa anthu amodzi. Mcheŵa wa kuno ndi Mcheŵa wa kutsidya ku Zambia amavina gule mmodzi, ndipo onse amagwadira Kalonga Gawa Undi.

M'chaka cha 2001 katswiri wa za ndale wa ku America, Daniel Posner, anayendera midzi inayi ya m'malire: iŵiri ya Acheŵa ndi iŵiri ya Atumbuka, mtundu uliwonse mudzi umodzi kuno, wina ku Zambia. Mudzi wa Acheŵa wa mbali yathu unali kwa Mkanda. Anthu anafunsidwa ngati angavotere munthu wa mtundu winawo kuti akhale mtsogoleri wa dziko, ndiponso ngati angakwatirane naye. Zimene anapeza, nazilemba m'chaka cha 2004, n'zakuti okana anachuluka mbali ya Malaŵi, pamene kutsidya mitundu iŵiriyi inkaonana ngati pachibale. Miyambo ndi yomweyo. Chosiyana ndi dziko basi.

Nanga chifukwa chake n'chiyani? Iye anati chinsinsi chagona pa chiŵerengero. Ku Malaŵi, Acheŵa ndi Atumbuka ndi magulu aakulu, kotero kuti wandale akhoza kumanga nyumba yake pa mtundu umodzi, nauuza kuti winawo ndi wolanda. Ku Zambia mitundu yonse iŵiri ndi yochepa poyerekeza ndi dziko lonse, ndipo wofuna mavoti sapindula kanthu poigaŵa. Amaimanga mtolo umodzi, naitcha anthu a kum'maŵa. Taonani chisankho cha ku Zambia cha 1991: pamene dziko linatembenukira kwa a Frederick Chiluba, chigawo cha kum'maŵa chinapereka mipando yake yonse ya aphungu ku chipani cha UNIP cha Dr. Kenneth Kaunda. Ine ndimaona kuti moto umene timautcha wa mtundu kaŵirikaŵiri amausonkhezera ndi anthu oŵerenga mavoti.

Tsono pali china chimene chimaposa mtundu mphamvu nthaŵi zina, ndicho nkhokwe. Munthu wa ku Mchinji ndi mlimi wa chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ndipo ndale amaziyesa ndi mtengo wa thumba la feteleza. Boma la a Bingu wa Mutharika litayamba makuponi a feteleza wotsika mtengo mu 2005, chimanga chinachuluka, ndipo mu 2009 iwo anapeza pafupifupi mavoti 66 pa 100 alionse, ochokera m'zigawo zonse zitatu. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjezanso feteleza wotsika mtengo, ndipo chaka chomwecho thumba linagulidwa pa K4,495. Koma mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, mitengo inakwera, mafuta anasoŵa, ndipo pa 16 September 2025 a Lazarus Chakwera anagonja kwa a Peter Mutharika. Mlimi wa m'malire zoterezi sachita kuuzidwa. Amazionera pa chipata cha Mwami akamasintha ndalama yake.

Mawu a m'tchalitchi nawonso amalemera. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 ndiyo inatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Za nsalu ndi tindalama ta pamsonkhano sitichedwapo: lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugaŵa ndalama pokopa mavoti, ngakhale kuti dzanja lolandira si nthaŵi zonse limakhala dzanja lovotera.

Tibwerere ku chiŵerengero chija, pakuti masamu ake anasintha. Mu 2014 a Peter Mutharika analoŵa m'boma ndi mavoti 36 okha pa 100. Koma pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha 2019, niligamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Palibe chigawo chimene chingakwanitse theka pachokha. N'chifukwa chake pa chisankho cha pa 23 June 2020 a Chakwera anayenda ndi a Saulos Chilima, ndipo a Mutharika anayenda ndi a Atupele Muluzi. Wofuna mpando tsopano ayenera kukapempha voti kwa Mkanda, kenaka n'kukapemphanso ku Mzimba ndi ku Thyolo ndi pakamwa pomwepo.